Mutu 6: Theka la Kilogalamu

1. Mpunga wa m'mawa

Wening anadzibaya jakisoni pamimba amayi ake akuyang'ana. Umu ndi mmene zinkakhalira m'mawa uliwonse kwa miyezi inayi tsopano, kuyambira tsiku limene adokotala anamupeza ndi matenda a shuga. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu.

"Wabaya mankhwala onse?" anafunsa amayi.

"Onse, amayi."

"Ndione."

Wening anawaonetsa. Amayi anagwedeza mutu, n'kumuikira mbale ya mpunga, dzira ndi tempe wokazinga, ndiwo yopangidwa ndi soya. Kenako anatuluka kukayanika fodya, chifukwa kwathu kuno ku Temanggung dzuwa la m'mawa salisewera nalo.

Tsikulo linali Loweruka, tsiku lokwera sikelo. Wening ankasewera silat, masewera athu omenyana mwaluso, ndipo sukulu yake inkasankha ana opita ku mpikisano wa ku Semarang. Mu silat munthu amamenyana ndi wolingana naye thupi. Gulu la Wening linali la atsikana osapyola makilogalamu makumi anayi ndi asanu.

Dzulo lake anakwera sikelo ya fodya ya amalume ake. Anapyola ndi theka la kilogalamu.

Choncho mpunga uja ankangoutembenuza ndi supuni. Amalume ake, a Marjuki, atalowa kudzatenga mpeni wodulira fodya, anaima n'kuyang'ana mbaleyo. Nawonso anali ndi shuga, ndipo anali atadzibaya jakisoni zaka makumi awiri.

"Mpungawu wakulakwira chiyani?" anafunsa.

"Watentha, amalume."

A Marjuki anakoka mpando n'kukhala.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Jakisoni wabayayo ndi wantchito wosamva. Ukamulowetsa m'thupi amayamba kusesa shuga m'magazi, kaya wadya kaya sunadye. Iye sadziwa zoti lero kuli sikelo. Ukawonjezera kuthamanga, ndiye kuti osesa akhala awiri.

"Anthu amaganiza kuti shuga akatsika munthu amangogwa. Kugwa kumabwera pomaliza. Poyamba manja amanjenjemera, thukuta lozizira limatuluka, milomo imachita dzanzi. Kenako umasanduka munthu wina.

"Ine zinandichitikira kumunda kuja, m'munsi mwa phiri la Sumbing. Ndinabaya, n'kuchoka osadya chifukwa galimoto ya ogula fodya inkabwera. Dzuwa litakwera, mkazi wanga anandifunsa kuti dengu ndaika pati. Funso lake linali lomwelo basi. Akuti ndinamutukwana pamaso pa aganyu onse, n'kumuponyera dengulo kumaso. Ndikuti 'akuti' chifukwa ine sindikumbukira ngakhale liwu limodzi. Anandikhululukira, inde. Koma mpaka lero akaona kuti ndakhala chete nthawi yaitali, amasuntha mpando wake pang'ono.

"Ndiye ukamva mtima ukukwiya popanda wokuputa, usafunefune wolakwa. Khala pansi, udye shuga. Wandimva?"

"Ndamva, amalume."

"Aphunzitsi ako a silat kalata yakuchipatala ija unawapatsa?"

"Ndinawapatsa."

Kalatayo inali m'chikwama chake, pansi pa makope. Inali itakhalamo miyezi inayi.

Wening anakulunga mpunga m'tsamba la nthochi, nati akadya m'njira chifukwa wachedwa. Atafika pa ngalande ya kumunda wa mpunga, anamasula tsambalo n'kukhuthulira abakha. Anaima kuwaonerera akulimbirana. Kenako anapitiriza ulendo.

2. Sikelo yachedwa

Pageti la sukulu anapeza mnzake Kinanti akumudikira. Awiriwa anakulira limodzi, nyumba zawo zinali mbali imodzi ya mzikiti, ndipo silat anayambira tsiku limodzi. Kinanti anali wa gulu la ochepa thupi, choncho sankalimbirana malo.

"Iwe, nkhope yakoyo bwanji? Ngati mbuzi yoti yamva kuti mawa kuli ukwati," anatero Kinanti.

"Tulo basi."

"Bodza. Sunadye iwe. Ine ndadya mbale ziwiri, koma sikelo ikandiona imangoseka." Anatulutsa nthochi yophika m'thumba. "Gwira."

"Ndidya tikakwera sikelo."

"Nthochi imodzi ingalemere bwanji? Ukuganiza ngati ndi thumba la simenti?"

Wening anaseka pang'ono, koma nthochiyo sanailandire. Ngakhale Kinanti sankadziwa za matenda ake. Pamene Wening anagonekedwa m'chipatala, anthu anauzidwa kuti ndi malungo a m'mimba.

Ana onse makumi awiri anasonkhana m'holo atavala zakuda. Aphunzitsi awo, a Sutopo, anali bambo wamfupi wa imvi, wosakonda kubwereza mawu. Anayang'ana foni yawo n'kukwinya nkhope.

"Munthu wa sikelo wa ku boma wachedwa," anatero. "Njinga yake yaphulika tayala. Sitikhala pansi ngati tikudikira basi. Mukathamanga mpaka pa thanki ya madzi, mubwerere kuno, kenako timenyane awiriawiri."

Wening anayang'ana wotchi ya pakhoma. Iye ankayembekeza kuti akwera sikelo 7 koloko n'kudya nthawi yomweyo. M'thumba la chikwama chake munali mibulu itatu ya shuga wa kokonati imene amayi ankamuikira tsiku lililonse. Anagwira zipi ya chikwamacho. Kumbuyo kwake atsikana awiri ankamanga malamba akucheza.

Anasiya zipiyo, n'kutsatira anzake.

3. Njira ya ku thanki

Msewu wa ku thanki ndi wokwera, ndipo mbali zonse anthu amayanikako fodya pa mphasa zansungwi. Popita Wening anathamanga bwino. Thupi linali lopepuka, mpaka anapitirira anyamata awiri.

Pobwerera zinthu zinasintha. Malaya ake ananyowa, koma thukutalo linali lozizira. Zala zinkanjenjemera. Mlomo wam'mwamba unali ngati si wake.

Kinanti ankathamanga pambali pake akusimba za nsapato zimene bambo ake analonjeza kumutumizira kuchokera ku Malaysia, kumene ankagwira ntchito.

"Akuti zofiira. Ine ndinawauza kuti zakuda, koma bambo anga ukawauza zakuda amamva zofiira. Iwe ukundimva?"

"Kodi pakamwa pakopo sipatopa?" anatero Wening.

Kinanti anamuyang'ana. "Iii, chavuta n'chiyani?"

"Mapazi ako akusokosera. Thamangira uko."

"Mapazi? Ndiwasiye kunyumba?"

Masiku ena Wening akanaseka. Tsikuli sanaseke. Kamwana kena kanadutsa pamsewu kakugubuduza tayala, ndipo iye anakakalipira mpaka kanathawa kakulira. Kinanti anabwerera m'mbuyo pang'ono.

Atafika m'holo, Wening anatsamira khoma. Mawu a anthu ankamveka patali, ngati wailesi ya nyumba ina. Chikwama chake chinali pa benchi, masitepe asanu okha kuchokera pamene anaima. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Sikelo inali isanafikebe.

"Wening ndi Kinanti, pakati!" anaitana a Sutopo.

4. Wezulo

Anavala zotchinga pachifuwa, n'kuweramirana monga mwa mwambo. Zingwe za Wening anachita kumumangira mtsikana wina, chifukwa zala zake zinkalephera mfundo.

Wezulo inalira. Kinanti anali wopepuka ndiponso wachangu. Analowa, n'kugunda pachifuwa, n'kutuluka. Analowanso, n'kugundanso. Wening anaponya mwendo, koma unadutsa pamene panalibe munthu. Ana ena anaseka.

"Dzuka, mnzanga, kwacha!" anatero Kinanti akumwetulira. Ankanena choncho nthawi zonse akamamenyana.

"Ukuseka ndani?" anafunsa Wening. Mawu ake anali olemera ngati a munthu woledzera.

"Palibe. Tiye, kweza manja."

"Ukuseka ine? Iwe? Mwana wodikira nsapato?"

Ana onse anasiya kuseka.

"Wening," anachenjeza a Sutopo.

Koma Wening anapitiriza, mokweza, maso ali gwa. "Bambo ako sali ku Malaysia. Ali ku Kendal kuno, ndi mkazi wina, ndi khanda. Mudzi wonse ukudziwa. Wopusa ndiwe wekha."

Nkhaniyi Wening anaimva chaka chatha, amayi ake akunong'onezana ndi amayi a Kinanti kukhitchini. Amayi akewo atazindikira kuti wamva, anamulumbiritsa kuti asadzaitulutse. Anaisunga chaka chathunthu.

A Sutopo analiza wezulo mwamphamvu. Kinanti anatsitsa manja onse awiri. Anangoima, kukamwa kuli yasa.

Mu silat, wezulo ikalira aliyense amaima, ndipo kumaso samenyako. Mwana woyamba kumene amadziwa zimenezi. Phazi la Wening linanyamuka wezulo italira kale, n'kumupeza Kinanti pamphuno.

Kinanti anagwa chagada. Magazi anatsikira pakhosi mpaka pa chotchinga. Atsikana anakuwa n'kuthamangira pamene anagwerapo.

Wening anayenda masitepe awiri, n'kukhala pansi pakati pa bwalo, miyendo ili tambalale.

"Imirira!" anakalipa a Sutopo. "Wachita chiyani? Ndikulankhula ndi iwe!"

Wening anawayang'ana ngati akuyang'ana khoma. Nkhope yake inali itayera, thukuta likuchita kudontha kuchibwano.

A Sutopo anauza mphunzitsi wina kuti atengere Kinanti kuchipatala pa njinga yamoto. Kenako anatuma mtsikana wina kuti afufuze foni m'chikwama cha Wening, aimbire amayi ake. Mtsikanayo anakhuthula chikwama chonse pa benchi. Munatuluka makope, kamakina koyezera magazi, mibulu itatu ya shuga, ndi envelopu yolembedwa dzina la a Sutopo.

Aphunzitsiwo anaing'amba n'kuwerenga. Sanafike nayo kumapeto.

"Tiyi! Thamangani kwa mayi ogulitsa zakudya pageti aja, tiyi wa shuga wambiri!"

Anagwada pambali pa Wening. "Ukundimva? Ungathe kumeza?"

Wening anagwedeza mutu pang'onopang'ono. A Sutopo anaphwanya mbulu wa shuga n'kumupatsa pang'onopang'ono, akuonetsetsa kuti akumeza. Tiyi atabwera, anamugwirira kapu.

5. Magazi pa bwalo

Panapita mphindi khumi ndi zisanu. Manja anasiya kunjenjemera. Mawu a anthu anayamba kuyandikira. Wening anaona kuti wakhala pa benchi, ndipo mayi wa pageti akumupatsa mpunga wa m'tsamba. Anadya. Sanamve kukoma kulikonse.

Pakati pa bwalo mnyamata wina ankakolopa.

"Wavulala ndani?" anafunsa Wening.

Atsikana amene ankamuyang'ana anatembenukira kumbali.

"Kinanti ali kuti?"

A Sutopo anatulutsa ana onse panja. Anakhala pa benchi ina, kalata ija ili m'manja. Anamuuza zonse zimene zinachitika, mwadongosolo, osawonjezera kapena kuchotsa. Anabwereza ngakhale mawu aja a ku Kendal.

Wening anamvetsera. Sanalire. Anayang'ana phazi lake lamanja, ndipo pa chala chachikulu panali magazi ouma. Anayesa kukumbukira, koma chimene ankachikumbukira chinali thanki ya madzi, kenako kapu ya tiyi. Pakati ponse panalibe kanthu.

"Kalatayi inalembedwa mwezi wa Epulo," anatero a Sutopo. "Unaisungiranji?"

"Ndinkaopa kuti mundichotsa."

"Ndani anakuuza kuti ndingakuchotse? Kalatayi sikunena kuti usiye silat. Ikunena kuti uzidya usanayambe, uziyeza magazi, ndipo wamkulu amene ali nawe azidziwa chochita. Ukanandipatsa, bwenzi ndikuika shuga m'thumba mwanga pafupi ndi wezulo. Bwenzi lero nditakuona nkhope pobwera kuthanki, n'kukukhazika pansi.

"Ndaphunzitsa ana zaka makumi atatu. Ndaonapo ana odzimana chakudya chifukwa cha sikelo, ndipo onsewo ndimawauza chimodzimodzi: mpikisano umabwera chaka chilichonse. Koma iwe unabaya mankhwala n'kutaya chakudya. Ukanagwera kuthanki kuja uli wekha, bwenzi pano tikulankhula zina. Ndipo ukanakomoka, tiyi sakanathandiza, chifukwa wokomoka samumwetsa kanthu. Bwenzi tikuthamangira nawe kuchipatala, osadziwa n'komwe chimene tikauze adokotala.

"Tsono umve bwino apa. Ndikudziwa kuti amene anamenya mnzake wezulo italira sanali Wening amene ndimamudziwa. Shuga akatsika, mutu sugwira ntchito. Zimenezo ndikawafotokozera aphunzitsi aakulu Lolemba. Koma amene anabisa kalata anali ndi nzeru zake zonse. Amene anataya mpunga analinso ndi nzeru zake zonse. Ameneyo ndiye ayenera kukayankha."

"Inde, aphunzitsi," anatero Wening.

"Ku Semarang chaka chino supita. Kinanti nayenso sapita. Aphunzitsi amene apita naye kuchipatala aimba foni kuti mphuno yathyoka."

"Inde, aphunzitsi."

Nthawi yomweyo panja panamveka njinga yamoto. Munthu wa ku boma analowa atanyamula sikelo, akupepesa chifukwa chochedwa. Anaiika pakona n'kufunsa kuti ayambe ndani. Ana anafola pamzere. Wening anakhalabe pa benchi, tsamba la mpunga lili pamwendo, akuonerera anzake akukwera mmodzimmodzi.

6. Pakhonde la a Kinanti

Amene anabwera kudzamutenga anali amalume ake. A Sutopo analankhula nawo panja kwa kanthawi. A Marjuki atabwera sanakalipe. Anamuyeza magazi, n'kuyang'ana nambala, n'kumupatsa chipewa cha njinga yamoto.

Kunyumba amayi anamva nkhani yonse ataimirira. Itafika pa mawu a ku Kendal, anakhala pansi pa mulu wa mphasa, n'kugwira pakamwa. Wening anawayang'ana. Ankadziwa kuti apa mpofunika kulira, koma misozi sinabwere. Anakasamba, n'kutsuka chala chija, n'kudya chakudya chamasana monga adokotala anamuuzira.

Itatha Swala, pemphero la masana, amalume anati, "Vala. Tikupita."

"Ndikanene chiyani, amalume?"

"Zoona. Uyambire pa mpunga."

Anamuperekeza pa njinga mpaka pa mpanda wa nyumba ya a Kinanti, iwo n'kutsala pamenepo. Kinanti anali pakhonde, atakhala pa mpando wansungwi. Pamphuno panali bandeji yaikulu, ndipo m'munsi mwa maso onse awiri munali mutada. Amayi ake anali m'nyumba. Mbale zinkamveka kukhitchini.

Wening anaima pa sitepe yoyamba. Anafotokoza za jakisoni, za abakha, za kalata. Mawu ankatuluka mosalala ngati akuwerenga pa bolodi. Pomaliza anati, "Pepa, Kinanti. Sindikukumbukira chilichonse, koma pepa."

Kinanti anamvetsera mpaka kumapeto.

"Miyezi inayi," anatero. Mawu ankatulukira m'kamwa mokha. "Ine ndikukubweretsera maswiti kuchipatala, ndikumati ndi malungo."

"Pepa."

"Nthochi ija ukanangodya."

"Eya."

Kumzikiti ana ankaloweza mawu mokweza. Nkhuku inakwera pakhonde, ndipo panalibe woithamangitsa.

"Za mphuno zisiye, ipola," anatero Kinanti. "Aphunzitsi auza amayi kuti shuga akatsika munthu amalankhula zopanda mutu. Amayi akuti ndisazitengere, unkabwebweta. Anena katatu konse, koma osandiyang'ana."

Wening anayang'ana bandeji ija.

"Ndiye ndikufunsa iwe. Pano wadya. Manja ako sakunjenjemera, ndikuwaona. Unkabwebweta?"

M'khitchini mbale zinasiya kulira.

Wening anatembenuka kuyang'ana kumpanda. Amalume anali ataweramitsa mutu, akukanda tayala la njinga ndi nsapato. Wening anayang'ananso mnzake.

"Ayi," anatero. "Sindinkabwebweta."

Kinanti anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wauzidwa nthawi. Sanalire. Anasuzumira kukhomo, kenako anaweramira kwa Wening n'kutsitsa mawu.

"Basi ya ku Kendal imanyamuka 6 koloko pamsika. Mawa ndi Lamulungu, sitipita kusukulu. Utenge jakisoni wako, utenge ndi shuga wako, ndipo udye. Ukandiperekeza."